Mlambe wa Nthambi Yaifupi

Tete, 11 de Agosto

Amake Nádia,

Landirani moni wochokera kuno ku Tete, kumene eni ake amati ku Nyungwe. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno silimva zoti pali nyengo yozizira. Inu ku Domweko mukufunda mabulangete awiri, ine ndikugona pakhonde chifuwa pamtunda. Kaya inu ndi ana muli bwanji? Chifuwa cha Sérgio chija chinasiya?

Musadabwe kuti ndikulemba kalata ngati munthu wakalekale. Foni yanu inafa, ndipo ya achimwene anu a Tiago ili ndi makutu ambiri. Tsiku lija ndinkalankhula nanu ndinamva wina akutsokomola pambali. Sindikufuna nkhani za m'nyumba mwanga zizikambidwa ku Ulongwe pamene alamuwo amaumbira mapoto awo. Luís woyendetsa chapa, minibasi ya kwathu ija, ndiye azikubweretserani makalata, ndipo mukalandira muziyamba mwaona ngati sanamatule.

Ntchito ndaipeza ku Degue, pa ofisina ya a Mestre Victorino. Si ya mapoto ngati ya alamu. Kuno timaumba zokongoletsera zipata za anthu olemera: maluwa, mikondo ya pampanda, mitanda ya kumanda. Timagula sukata, ndiye kuti aluminiyo yakutha, mapisitoni a galimoto, mapoto obooka, n'kuisungunula m'ng'anjo ya makala. Chitsanzo chosemedwa pathabwa timachikwirira mumchenga m'kaisha, bokosi lotseguka pakati, n'kusinja zolimba, kenako n'kutsegula n'kuchotsa thabwalo. Mphako yotsalayo ndiye chikombole. Ukathiramo chitsulo chamadzi, duwa limatuluka.

Ndikuti timathira, koma ine sindinathirepo. Ophunzira tilipo awiri, ine ndi Amílcar, Mnyungwe wa konkuno. A Mestre msana ukuwavuta, ndiye anena kuti Natale, Khirisimasi ija, isanafike mmodzi wa ife apatsidwa mbaniro, azinyamula mphika wa moto n'kumathira m'malo mwawo. Ameneyo ndiye akhale pantchito, winayo akaone zina. Chimene ndikulimbira kuno ndi chimenecho. Ndikazigwira mbanirozo, za kuyendayenda m'maganyu zatha.

Lamulo lawo ndi limodzi: kanthu ka pa ofisina sikatuluka pachipata iwo osadziwa. Zitsanzo amazitsekera m'sutikesi yachitsulo, kiyi ali m'khosi. Ngakhale mchenga ndi dothi la pachulu amasakaniza atatifulatira, ngati tiwabera mankhwala.

Amílcar ndi wosekaseka. Tsiku loyamba lomwe anandigawira nyama yake ya mbuzi, amvekere, "Idya m'bale, kuno njala ndi dzuwa zimapha pamodzi." Ndinadya, koma diso lili pa iye. Munthu amene mukulimbirana naye ntchito imodzi angakupatse nyama chifukwa chiyani?

Mbatata musagulitse tsopano, mtengo ukwera. Ndaikamo metikali mili imodzi, ndiye kuti chikwi, mugule sopo ndi mankhwala a mwana.

Ndine wanu,
Patrício


Tete, 1 de Setembro

Amake Nádia,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti Sérgio wachira. Ine ndili bwino, manja okha ndiwo asanduka chikopa.

Mchenga ndayamba kuumva. Umautapa n'kuufinya m'dzanja. Ukayoyoka ndi wouma, ukakakamira m'zala ndi wonyowa, ndipo wonyowa ndi woopsa chifukwa chitsulo chikaukhudza chimalavula moto kumaso. Wabwino umagwirana, ukauthyola umathyoka ngati chigumu. Wandionetsa zimenezi ndi Amílcar, a Mestre atapita kukagula makala. Ndinakayesa ndekha kuseri kaye ndisanamukhulupirire.

Tapeza ntchito yaikulu. Kuli mayi wina, Dona Gizela, mwini malole onyamula malasha ku Moatize. Akumanga nyumba kudera la Francisco Manyanga ndipo mwana wake akukwatiwa mu Dezembro. Akufuna chipata ndi mpanda wonse zikhale ndi milambe ya aluminiyo, uliwonse waukulu ngati chikhatho chotambasula. Ananena ife tikumva: "Mestre, ndikadzauona mlambe umenewu pachipata cha munthu wina ukwati usanachitike, ntchito yathera pomwepo. Sindikulipira kuti ndifanane ndi aliyense." A Mestre anasema chitsanzocho okha, mtengo wa mimba yaikulu, nthambi zopiringizika ngati mizu. N'chokongola, zoona.

Lachinayi anandilola kupanga chikombole changa choyamba cha mlambe. Ndinawaza phulusa losefa kuti mchenga usamatirire, ndinasinja, ndinabaya timabowo ta mpweya ndi sipoko ya njinga. Zonse zinayenda. Koma pochotsa thabwa ndinalipendeketsa pang'ono, ndipo kamchenga kanagumukira kunsonga ya nthambi yakumanja. A Mestre atathira, mlambe unatuluka wosalala bwinobwino, koma nthambi imeneyo yaifupi ngati chala chodulidwa. Anangouyang'ana kamodzi. "Nada. Umenewu ubwerere kumphika."

Amake Nádia, mtima unandipweteka. Chinthu choyamba chotuluka m'manja mwanga chikasungunuke pamodzi ndi mapoto obooka? Ndinauchotsa pamulu wa zotaya n'kuuponya m'chikwama changa cha chakudya. Chotaya si katundu, palibe amawerenga. Amílcar anali chapomwepo akusefa mchenga, koma anali atawerama.

Muupeza m'phukusi la nsomba za Chikowa limene ndapatsa Luís. Muukhomere pachitseko chathu, mkati, kuti ana aziona zimene bambo awo akuphunzira. Nsombazo muziviike kaye, mchere wake ndi wankhanza.

Ndine wanu,
Patrício


Tete, 29 de Setembro

Amake Nádia,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwinoko. Kaphazi kokha kanakumana ndi dontho la chitsulo, koma si nkhani yoti muziuza amayi. Ndikuyenda.

M'kalata yanu mwathokoza nsomba, mwanena za mbuzi ya oyandikana nawo, mwanena za mayeso a Nádia. Za mlambe simunanenepo kanthu. Unafika? Ngati Luís anausolola m'phukusi mundiuze, ndimuonetsa kuti ndine wa ku Angonia.

Komatu Luís yemweyo wandiuza zina. Akuti wakuonani ku Ulongwe kawiri mwezi uno, ndipo ulendo wachiwiri munakweza matumba awiri a feteleza pachapa chake. Ine ndinangoti eya, ngati ndikudziwa, kuti asandione kupusa. Mbatata ndinati musagulitse. Zimene ndimatumiza ine sizingagule ngakhale thumba limodzi. Ndiye fetelezayo wagwa kumwamba? Sindikunena kanthu, ndikungofunsa.

Kuno milambe tikuumba tsiku ndi tsiku. Ine ndimapanga zikombole ndi kupala ndi tupa, a Mestre amathira akubuula ndi msana. Lachisanu lililonse Amílcar amamanga yomwe yatha panjinga n'kupita nayo kwa wowotcherera m'tauni. Amachedwa kubwerako, akuti pamsewu pamadzaza malole. Kaya.

Masiku amene phazi linatupa, iye ankandinyamula panjinga yake kuchoka ku Degue mpaka ku Muthemba kumene ndimagona. A Mestre akaona zimenezi amati Amílcar ndi wa mtima wabwino. Mwaona kuchenjera kwake? Akudzigulira mbaniro ndi phazi langa.

Ndiyankheni za feteleza.

Patrício


Tete, 20 de Outubro

Amake Nádia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine moyo ulipo, koma kuno kwagwa nkhani.

Lachiwiri masana Dona Gizela anafika pagalimoto fumbi lili koboo, osapereka ndi moni womwe. M'manja anali ndi mlambe wopakidwa penti yagolide. Akuti wautola pamsika, pa benchi ya zitsulo, ndipo ilipo yambiri, aliyense wofuna akugula. Anaumenyetsa pachitsulo chosulirapo mpaka nthambi zonse zinathyoka n'kumwazika. "Ndinanena chiyani, Mestre?" Anakwera galimoto osadikira yankho.

A Mestre sanakalipe. Anatola thunthu lotsalalo, anatsegula sutikesi, n'kuliika pamwamba pa chitsanzo cha thabwa. Kenako anatiitana.

"Thabwa ili ndi kholo," anatero. "Chotuluka m'chikombole chake ndi mwana, ndipo mwana amachepa pang'ono, chifukwa chitsulo chikamazizira chimakhwinyata. Tayang'anani ichi. Chachepa kawiri. Uyu ndi mdzukulu. Thabwa langa silinabedwe. Wina anatulutsa mlambe woumba kale n'kukaupereka kwa munthu wa ng'anjo kuti aumbirepo. Ndani?"

Ndinaona kuti ndikapanda kulankhula, mlendo ndine, mlandu ugwera ine. Ndiye ndinati, "A Mestre, ine sindikutchula munthu. Koma amene amatuluka ndi milambe pachipata Lachisanu lililonse, n'kumachedwa kubwerako, tonse tikumudziwa."

Amílcar anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. A Mestre anamufunsa ngati ali ndi mawu, iye anangopukusa mutu. Munthu wosalakwa amakhala chete choncho? Anavula epuloni, anaipinda, anatenga njinga yake n'kumapita.

Ndinkanena ine. Galu wamkota sakandira pachabe. Nyama ija, njinga ija, kuseka kuja, zonse zinali zotiphimba m'maso. Tsopano ndatsala ndekha, koma mbaniro sanandipatse. A Mestre akuti sakhulupiriranso munthu, ndipo akapeza kuti inenso ndinali nawo m'chiwembu, ndilondola mnzanga. Anapita kukagwada kwa Dona Gizela, ndipo mayiyo wavomera kuti amusemere chitsanzo china, cha mgwalangwa. Milambe yonse imene tinaumba ikubwerera kumphika.

Wanga uja sukundidetsa nkhawa, uli kutali ku Domwe kuseri kwa chitseko chathu. Koma mpaka lero simunandiuze ngati munaukhoma.

Ndine wanu,
Patrício


Tete, 3 de Novembro

Amake Nádia,

Moni. Ndili bwino.

Yankho lanu ndaliwerenga katatu. Mukuti feteleza anakuthandizani ndi achimwene anu. A Tiago? Munthu amene pamaliro a bambo ake omwe anabweretsa shuga wa m'kapepala? Chiyambire ine kukwatira pakhomo panu sanatipatsepo ngakhale chivundikiro cha poto. Lero agule matumba awiri?

Musandiyese mwana. Ine ndili kuno ndikupsa ndi moto wa pansi ndi wa kumwamba, ndikudya kamodzi kuti ana adye kawiri, inu mukukwera chapa kupita ku Ulongwe mutavala chitenje chimene sindinagule ine. Zachitenjezo Luís wandiuzanso. Ngati pali wina amene akuthira feteleza m'munda mwanga, nenani dzina. Ndikumva kuwawa, ndipo sindibisa. Ndikagona ndimangoona nkhope za amuna onse a ku Domwe, mmodzimmodzi.

Mwalembanso kuti ndikadzabwera ndidzakondwa, kuti pali chinthu chabwino chimene mukundisungira. Zondisungira sindizifuna. Ndikufuna kudziwa lero.

Ndalama mwezi uno sinditumiza, poti okuthandizani muli nawo. Za sukulu ya Nádia ndapatsa Luís kuti akapereke yekha kwa aphunzitsi.

A Mestre akundituma Lamulungu kuti ndikazungulire pamsika ngati wogula, ndikafufuze kumene milambe yabodzayo ikuchokera. Akufuna adziwe ng'anjo imene Amílcar anagulitsako. Ndikaipeza, ndiye kuti dzina langa layera.

Patrício


Tete, 11 de Novembro

Amake Nádia,

Kaya muli bwanji. Ine thupi lili bwino.

Kumsika ndinapita. Benchi ndinaipeza, pakati pa ogulitsa maloko ndi ogulitsa mahinjesi. Milambe inali itapachikidwa pachingwe, ina yagolide, ina yakuda. Ndinatenga umodzi ngati ndikufuna kugula. Nthambi yakumanja inali yaifupi. Ndinatenga wina, chimodzimodzi. Yonse, amake Nádia, chingwe chonsecho, nthambi yakumanja yaifupi ngati chala chodulidwa.

Ndinafunsa wogulitsayo kumene amaitenga. Anandiyankha mosabisa kuti imabwera ndi matumba a mbatata kuchokera ku Angonia, kwa mkulu wina woumba mapoto ku Ulongwe. Akuti ikuyenda malonda kuposa mapoto.

Ndiye tsopano ndamva za feteleza. Munatenga mlambe wanga n'kukauonetsa kwa achimwene anu, mwina mwa kunyada chabe, iwo n'kuona ndalama. Anaukwirira mumchenga wawo wa mapoto, ndipo inu akukugawirani. Chinthu chabwino chimene mumandisungira ndi chimenechi. Za mwamuna wina zija ndinalankhula mopitirira, mawu amenewo ndawabweza. Koma Mulungu wanga, bwanji osandifunsa? Ndinakufunsani kangati za mlambe umenewu?

Ndikudziwa muti sindinakuuzeni kuti musaonetse munthu. N'zoona. Ine ndinkauona ngati chidole cha pachitseko. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukwirira thabwa mumchenga, osaganiza kuti chitsulonso chikhoza kukwiriridwa chimodzimodzi.

Tamverani tsono. Mawa lomwe mupite ku Ulongwe. Muwauze alamu asiye, ndipo mlambe wanga ndi ina yonse yotsala aiponye mumphika inu mukuona ndi maso anu. Akakana, muwauze kuti ndikachotsedwa ntchito ndibwera kudzakhala pakhomo pawo ndi ana anga, azitidyetsa. Luís asamve kanthu, pakamwa pake mpobooka.

A Mestre ndawauza kuti wogulitsayo wakana kuulula. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusema mgwalangwa wawo. Sindikudziwa ngati akhulupirira. Akadzangopita okha kumsikako n'kuona nthambi imeneyo, akumbukira amene anagumula mchenga tsiku lija, ndipo ine ndathera pomwepo. Munthu akagogoda pachipata cha ofisina ndimayamba ndayang'ana chimene wanyamula m'manja.

Ndaikamo kangachepe ka ndiwo.

Ndine wanu,
Patrício


Tete, 8 de Dezembro

Amake Nádia,

Moni kwa inu, kwa Nádia ndi Sérgio. Ndamva kuti mvula yagwa bwino ndipo chimanga chamera. Ndamvanso kuti alamu anasungunula zonse, ngakhale ananyinyirika. Zikomo. Pamsika milambe yatha, chingwe chija tsopano pali maloko.

Mbaniro andipatsa. Migwalangwa ya Dona Gizela inachuluka, msana wa a Mestre unakaniratu, ndiye Lolemba anangonditambasulira n'kunena kuti, "Gwira. Ukayamba kuthira usaime, usayang'ane kumbali, mpaka chitsulo chitulukire kubowo linalo." Mphikawo ndi wolemera kuposa mmene umaonekera, ndipo moto wake umawamba nsidze. Ndinathira zikombole zonse osataya dontho. A Mestre anati, "Pronto. Ntchito ndi yako." Chimene ndinadzera ku Nyungwe ndachipeza.

Lachitatu anandituma kukagula sukata kufupi ndi mlatho. Ndikusankha mapisitoni ndinamva, "M'bale Patrício." Anali Amílcar. Akukankha ngolo ya zitsulo zakutha, amatola m'mabairo, m'makomboni a m'tauni muno, n'kumagulitsa pa kilo. Waonda, ndipo njinga ija alibenso. Ndinafuna kuzemba koma panalibe pothawira.

Anandipatsa dzanja. Anati wamva za mbaniro, ndipo zandiyenera chifukwa zikombole zanga zinkatuluka zoyera kuposa zake. Ine ndinangoti zikomo, maso ali pamapisitoni. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndinaiona milambe ija pamsika, Dona Gizela asanabwere n'komwe. Nthambi yakumanja. Ndinakuona tsiku lija ukuika m'chikwama."

Ndinati, "Nanga bwanji sunanene, a Mestre atakufunsa?"

"Ndinafuna kunena," anatero. "Koma ine kwathu n'konkuno. Ndikasowa chakudya ndimapita kwa amayi ku Degue, n'kudya. Iwe ukanakwera chapa kubwerera ku Angonia ndi chiyani m'manja, ana awiri akukudikira pamsewu?"

Ndinaima n'kudikira kuti atchule mtengo wake. Ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndizimupatsa zingati pamwezi kuti asapite kwa a Mestre. Iye anangokonza chingwe cha pangolo yake, anati ndipereke moni kunyumba, n'kukankha kulowera kumsewu.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikumuyembekeza. Ndinati abwera ku Muthemba kudzandiopseza, sanabwere. Ndinati atuma munthu kwa a Mestre, palibe wafika. Ndafunsa kwa ogula sukata ngati amandinena, akuti amangoti tinkagwira limodzi ntchito. Ndaitembenuza nkhaniyi mbali zonse kufuna pamene pabisala msampha, ndipo sindikuupeza.

Ndili ndi manyazi, amake Nádia, ndipo sindikudziwa kowataya. Ndikapita kwa a Mestre, ntchito yatha ndipo ana avutika. Ndikakhala chete, m'mawa uliwonse ndizinyamula mbaniro za munthu amene akukankha ngolo padzuwa chifukwa cha pakamwa panga. Mawa ndikathiranso, ndipo ndikudziwa kuti sindikanena.

Ndikanakonda akanandipempha ndalama. Ndikanamupatsa, n'kumuda bwinobwino, n'kumagona tulo. Sanapemphe kanthu.

Ndine wanu,
Patrício